Zizindikiro pa Zipupa Zakale: Kodi ku Ntcheu Kuli Dzanja la Magulu Achinsinsi?

Kale nkhani za Illuminati zinkathera m'mabuku a azungu ndi m'makanema a m'tauni. Lero zafika pa Kampepuza, pa Tsangano ndi pa Lizulu, ndipo zalowera pa foni. Wina akatumiza kavidiyo pa WhatsApp kosonyeza nyenyezi yojambulidwa pa mapu a mzinda wa Washington, mawa lake anyamata a kabaza amayamba kuliyang'ana ndi diso lina tchalitchi la kwawo, kuwerenga mazenera ndi kufunsana chifukwa chimene khomo lake linakhotera pamwamba. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka m'minibasi ndi pa bawo nkhaniyi ikabuka.

Kodi magulu amenewa alipodi, kapena n'zopeka?

Tiyambe tawasiyanitsa, chifukwa anthu amawaphatikiza ngati ndi gulu limodzi. La Illuminati analiyambitsa ndi mphunzitsi wa zamalamulo, Adam Weishaupt, pa 1 May 1776 ku Ingolstadt m'dera la Bavaria ku Germany. Silinakhalitse. Pofika 1785 boma la Bavaria linali litaliletsa, kenako makalata ake analandidwa n'kusindikizidwa kuti aliyense awerenge, gulu n'kubalalika. Nthawi imeneyo Angoni anali asanauyambe n'komwe ulendo wochoka kumwera. Gululi silinamange tchalitchi ngakhale limodzi, silinajambulenso mapu a mzinda uliwonse.

Ma Freemason ndi ena, ndipo alipo mpaka lero. Gwero lawo ndi mabungwe a amisiri omanga ndi miyala ku Scotland ndi ku England, ndipo likulu lawo loyamba linakhazikitsidwa ku London mu 1717. N'chifukwa chake chizindikiro chawo ndi sikweya ndi kampasi, zida zimene kalipentala wa pa Mphate amagwira tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu anabwera ndi atsamunda. Nthambi yotchedwa Lodge Nyasa inatsegulidwa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ina inadzatsegulidwa ku Zomba. Ankakumana kumene kunali azungu ambiri: amalonda, eni minda ikuluikulu ndi akuluakulu a boma. Ntcheu inali boma laling'ono la bwana DC ndi anzake owerengeka, kuphatikizapo amishoni omwazikana m'mapiri. Ndipo anthu amenewa nyumba zawo sabisa ayi. Chimene amabisa ndi zochitika m'katimo, koma chizindikiro amachikhoma pakhomo penipeni.

Nanga nyenyezi ija ya m'misewu ya Washington?

Mapu a mzindawo anajambula ndi Pierre L'Enfant mu 1791. Munthuyu anakulira ku France, kumene mafumu ankakonda misewu ikuluikulu yodutsa mopingasa kuti nyumba zofunika zizionana. Misewu yopingasa ikadutsa pa misewu yoongoka, makona amabadwa ochuluka, ndipo amene akufuna nyenyezi aipeza. Koma mukaonetsetsa pa mapu enieni, mbali ina ya nyenyeziyo ilibe msewu wokwanira. Opanga mavidiyo amaimalizitsa okha ndi mzere wofiira.

Choona n'chakuti George Washington anali Freemason, ndipo pa 18 September 1793 anaika mwala wa maziko a nyumba ya malamulo ya dziko la America atavala epuloni ya gulu lake. Anachita zimenezi masana dzuwa likuswa mtengo, khamu likuonerera, nyuzipepala n'kulemba.

Yesani nokha. Tengani mapu a Ntcheu, muike kadontho pa Nzama, pa Gowa, pa Nsipe, pa Mlanda ndi pa Bilira, kenako mulumikize. Mupeza chithunzi chilichonse chimene mtima wanu unakonzeka kale kuona.

Matchalitchi akale a kuno ali ndi makomo okhota, timabowo m'zipupa ndi zilembo zosamveka. Zimenezi n'zachiyani?

Apa mpofunika kufunsa mmisiri, osati mneneri. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, m'dera la mfumu Njobvuyalema, n'kutsegula mishoni imene Akatolika a m'Malawi amaitenga ngati chiyambi cha mpingo wawo wokhazikika, analibe sementi yokwanira kapena zitsulo zoika pamwamba pa zitseko. Chimodzimodzinso a Zambezi Industrial Mission ku Dombole ndi ku Ntonda, a Baptist ku Gowa ndi a Dutch Reformed ku Mlanda. Chimene anali nacho ndi dothi, nkhuni zootchera njerwa ndi manja a anthu a m'midzi. Tsono khoma la njerwa ukafuna kuliboola khomo lalikulu popanda chitsulo, njira ndi imodzi: kuyala njerwa mokhota ngati uta kuti zizikankhana zokhazokha, kulemera kwa khoma kuzitsikira m'mbali. Zipilala zonenepa zimene zimatsamira khoma kunja ntchito yake ndi kuchirikiza chipupa chachitali chomangidwa ndi matope. Timabowo tosiyidwa pakati pa njerwa, tina tooneka ngati mtanda tina ngati diso, ndi tolowetsa mpweya m'nyumba yodzaza anthu mwezi wa October.

Malo omangapo mishoni sankasankhidwa poyang'ana nyenyezi. Ankafuna madzi, malo okwera opanda malungo ambiri, chilolezo cha mfumu, komanso, tinene zoona, kutalikirana ndi mpingo wina umene ankalimbirana nawo ana a sukulu.

Zilembo nazo zili ndi eni ake. IHS ndi chidule cha dzina la Yesu m'Chigiriki. X wopingasana ndi P ndi zilembo zoyamba za dzina lakuti Khristu m'chinenero chomwecho. Chimene chimaopsa anthu kwambiri ndi diso lokhala m'kati mwa makona atatu, poti limapezekanso pa ndalama ya dola imodzi ya ku America. Komatu chithunzi chimenechi chinali m'matchalitchi a ku Ulaya Weishaupt asanabadwe: makona atatu ndi Utatu Woyera, diso ndi Mulungu woona zonse. Pa chidindo cha boma la America chinalowa mu 1782, pa dola chinafika mu 1935. Onjezanipo ichi: kuyambira mu 1738, pamene Papa Clement XII analamula, Mkatolika saloledwa kulowa gulu la ma Freemason. Wansembe wa ku Nzama akanajambula chizindikiro chawo pa guwa akanakhala akudziitanira mlandu kwa akuluakulu ake.

Ngakhale tchalitchi la St Michael and All Angels ku Blantyre, limene anthu amalinena kwambiri chifukwa cha maonekedwe ake odabwitsa, nkhani yake ndi yodziwika. Analimanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za zomangamanga ndipo analibe pulani yojambuliratu. Ankayesa njerwa pouma asanazimange, zikakhala bwino n'kupitiriza. Nsanja zake ziwiri sizofanana, ndipo anthu akuda amene anaumba njerwazo m'zikombole zamitundumitundu ndiwo anaona chilichonse chimene chinalowa m'khomamo.

Pa masitolo ena akale a amwenye pamalembedwa 786. Si m'bale wake wa 666 ameneyu?

Ayi. M'Chiarabu chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo mukaphatikiza manambala a zilembo za mawu amene Asilamu amayambira nawo ntchito iliyonse, otchula dzina la Mulungu wachifundo, mumapeza 786. Asilamu ambiri ochokera ku India ndi ku Pakistan amalemba nambalayi m'malo mwa mawu enieniwo, poopa kuti dzina loyera lingadetsedwe pa khoma kapena pa pepala logwera pansi. Masitolo a khonde lalitali aja, ena olembedwa chaka pamwamba pa chitseko, eni ake anachokamo m'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda litalamula kuti amwenye azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Anapita osasiya wofotokoza, ndiye nambala inatsala yamasiye, aliyense n'kumaipatsa tanthauzo lake.

Nanga zipilala za konkire zimene zili pamwamba pa mapiri ndi m'mbali mwa msewu wa M1?

Zili mitundu iwiri. Za m'mbali mwa msewu ndi za malire. Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linadutsitsa malire pa msana wa mapiri, pamene madzi amagawikana, ena kulowera ku nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi. Msewu wa M1 pakati pa Biriwiri ndi Lizulu ukuyenda pa msana womwewo. N'chifukwa chake pa Lizulu mayi amatha kugula kabichi ku Malawi, n'kuoloka msewu kukagula mafuta ophikira ku Mozambique.

Za pamwamba pa mapiri anamanga ndi anthu oyeza malo. Ankaika makina awo pa chipilala, n'kuyang'ana zipilala zina ziwiri pa mapiri akutali, ndipo akadziwa kale utali wa mbali imodzi, poyeza makona a malo atatuwo ankadziwa mitunda inayo popanda kuiyenda. Mapu ambiri akale a dziko lino anapangidwa motero. Choncho inde, pamwamba pa Ntcheu panalukidwa makona atatu ambirimbiri osaoneka ndi maso, koma mwini wake ndi masamu a Fomu 3. Chomvetsa chisoni n'chakuti mphekesera yakuti pansi pa zipilalazi azungu anakwirirapo golide kapena mekyule yagwetsetsa zambiri m'maiko a kuno. Anthu amakumba usiku wonse, n'kupeza kachitsulo ndi miyala.

Ndiye mukuti palibe gulu lachinsinsi limene linasiya chizindikiro pa nthaka ya kuno?

Lilipo, ndipo si lochokera kutsidya la nyanja. Chodabwitsa n'chakuti timalifunafuna ku Washington pamene lili kuseri kwa mudzi. Gule wamkulu ndi gulu lachinsinsi m'njira iliyonse imene mungaganizire: lili ndi malowedwe ake, chinenero chake chimene wosameta sangachimve, malamulo ake ndi chilango kwa woulula. Ndipo kamangidwe ka mudzi wa Achewa kamatsatira zofuna zake.

Mukamachoka ku Ntcheu kulowera ku Dedza m'chilimwe, minda ili mbee, mitengo inatha kalekale ndi makala ndi uvuni wa njerwa. Koma apa ndi apo mumaona kachilumba ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, yobiriwira, yothithikana, pakati pa mizere ya chimanga chouma. Amenewo ndi manda. Nkhwangwa siifikako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo m'midzi ya gule, m'kati mwa msitu umenewo kapena m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje ndimo mumakhala dambwe, kumene zilombo zimakonzedwera. Pafupi ndi mudzi pamakhala liunde, pamene zimadikirira nthawi yotuluka. Kenako bwalo, nthawi zambiri pansi pa mtengo waukulu wamthunzi, pamene ng'oma zimakhala mbali yake, amayi oimba ndi kuomba m'manja mbali yawo. Pa maliro a munthu wolowa, chilombo chimafika mpaka pa siwa. Manda, dambwe, liunde, bwalo, siwa: umenewo ndi msewu wa mizimu kuchoka kwa akufa kubwera kwa amoyo ndi kubwerera, ndipo nyumba za anthu zimaupatsa malo.

Zizindikiro zochenjeza ziliponso. Kansalu kofiira kapena nthenga zikapachikidwa pa kanjira kolowera ku msitu, mwana wa m'mudzimo amadziwa kuti apa mpokhotera. Mlendo wonyalanyaza amalipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo nthawi zina nkhani zotere zafika ku polisi. Si mudzi uliwonse umene uli ndi ufulu wa bwalo lotere. Mfumu imayenera kukhala ndi mzinda, ulemu umene imapatsidwa ndi mfumu yaikulu.

Chimene chimasiyanitsa gulu limeneli ndi la m'mavidiyo n'chakuti silimanga ndi miyala. Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cholukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, chimatenga masiku kuti chithe, koma mwambo ukatha chimatenthedwa. Za m'kati mwa dambwe sindilemba pano. Zili ndi eni ake, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi popanda kuwauza eni akewo kuti aulule.

Palibe chilichonse chokhalitsa chimene a gule anajambula?

Chilipo, kungodutsa malire a boma lathu. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito chala, ndi za Achewa. Zina mwa zoyerazi zimakhudza chinamwali cha atsikana, ndipo tanthauzo lake amalisunga ndi anamkungwi. Zina, monga za ku phanga la Namzeze, zimaonetsa zilombo za gule. Mlendo amangoti ndi nyama yojambulidwa mosalongosoka, koma wodziwa amaona kuti miyendo yotuluka pansi pake ndi ya anthu.

Akatswiri ofufuza, monga Benjamin Smith, amagwirizanitsa zithunzi za gulezi ndi nthawi imene nyau inapanikizidwa, poyamba ndi Angoni, kenako amishoni ndi boma la atsamunda, moti inathawira m'mapanga ndipo miyala inasanduka pophunzitsira olowa kumene. Apa ndiye pali chimene anthu a mavidiyo amachifuna: chizindikiro cha gulu lachinsinsi, chojambulidwa mobisa, chomveka kwa olowa okha. Ulendo wake ndi wa minibasi imodzi ndi njinga ya kabaza, koma amene amakafikako ambiri ndi alendo akunja. Wofuna kuona zigoba za gule mazanamazana pamalo amodzi atsikire ku Mua, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mishoni imene m'zaka za m'ma 1920 inkalimbana ndi nyau pa nkhani ya ana a sukulu ndi yomweyo imene lero ikusunga mbiri yake.

Bwanji gule sali wamphamvu pakati pa Ntcheu ngati ku Dedza kapena ku Lilongwe?

Chifukwa kuno ndi kwa Gomani. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870 n'kufalikira m'mapiri a Ntcheu, chinenero chawo chinamezedwa ndi Chichewa cha akazi amene anakwatira ndi anthu amene anagwira, koma ulamuliro sanaugawane ndi dambwe. Mnyamata ankayenera kumvera nduna ndi inkosi, osati gulu lokumana ku manda usiku. Gule wa pabwalo anakhala ngoma, wa chishango ndi nthungo.

Mudzi wa Chingoni unalinso ndi pulani yake, ndipo Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anailemba bwino. Pakati pa mudzi pankakhala khola la ng'ombe, chibaya. Nyumba zinkazungulira kholalo, iliyonse pamalo pake molingana ndi ulemu wa mwini wake: ya agogo, ya mkazi wamkulu, za kumanja ndi za kumanzere. Anyamata ankagona ku laweni. Milandu inkakambidwa pa chipata cha khola, ndipo popembedza makolo ankalowa m'kholamo, poti mizimu ya mbumba inkayenda ndi ng'ombe. Mlendo wodziwa mwambo ankangoyang'ana pamene nyumba yaima n'kudziwa woyamba kumupatsa moni. Chinsinsi panalibe, koma tanthauzo linalipo pa phazi lililonse. Ng'ombe zitachepa ndipo anthu atayamba kumanga moyang'ana msewu kuti agulitse mbatatesi ndi tomato, bwalo lozungulira lija linaongoka n'kukhala mzere.

Chomangidwa chimene Angoni a kuno amachilemekeza koposa ndi chiliza cha Inkosi Gomani Chikuse, amene asilikali a atsamunda anamupha mu October 1896. Chili ku Nkolimbo, kumene mwambo wa Umhlangano umachitikira chaka ndi chaka, ndipo mwana aliyense wa kumeneko angakuuzeni chimene chimatanthauza.

Ena amati manambala a ma Area a ku Lilongwe, osatsatana aja, ali ndi tanthauzo lobisika. N'zoona?

Area 18 kukhala pafupi ndi Area 47 ndi Area 10 kumasokonezadi mlendo, koma manambalawo sanaperekedwe potsata kuti dera ili layandikana ndi liti, ndipo palibe chithunzi chimene amapanga. Ngati mukufuna cholinga chosanenedwa mu pulani ya Lilongwe, chilipo, koma si cha satana. Maiko ena atakana kuthandiza ntchito yosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, boma la South Africa la nthawi ya tsankho linabwereketsa 8 miliyoni randi, ndipo pulani ya mu 1968 inajambulidwa ndi akatswiri a konko. Likulu linasamuka mu 1975. Mzinda umene unatuluka ndi womwazikana: Capital Hill pakepake, nyumba za mabwana za mipanda ikuluikulu pafupi ndi maofesi, nkhalango pakati, anthu wamba kutali ku Kawale ndi ku Area 25. Mpaka lero mlonda ndi wantchito wa m'nyumba ndiwo amayenda mtunda wautali kuposa bwana amene ali ndi galimoto. Ma boma a atsamunda nawo ankamangidwa ndi nzeru yomweyo: azungu kumtunda kwa mphepo yabwino, amwenye pa msewu wa malonda, amesenjala ndi apolisi ku malaini. Kwa ine, kusanja anthu kumeneku ndiye nkhani yoyenera kupsera mtima, ndipo sikufuna kulumikiza timadontho kuti muione.

Pamene omanga afunadi kuika tanthauzo, amalengeza. Chiliza cha Kamuzu ku Lilongwe, chimene chinatsegulidwa mu 2006, chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zake zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Koma kukambirana zoterezi kukupweteka ndani? Si macheza chabe?

Dziko lino linaonapo kumene macheza otere amathera. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu pafupifupi 30 ataphedwa usiku m'madera ozungulira Blantyre pa nkhani imene imadziwika kuti ya ku Chilobwe, mphekesera inawanda yakuti boma likutenga magazi kukabweza ngongole ya ku South Africa. Anthu anayamba kuthawa ndi kuukira aliyense wooneka ngati wa boma. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Kawirikawiri woyamba kulozedwa chala amakhala mlendo, wonyamula chida chosadziwika, kapena amene wamanga nyumba yosiyana ndi za anzake. M'midzi mwathu muno, munthu amene wabwera ndi ndalama za ku Joni n'kumanga nyumba ya denga lamakona ambiri amadziwa mmene dzina la satanizimu limamatira msanga.

Mukaona chizindikiro chachilendo pa tchalitchi, ku parishi kapena ku sinodi kumakhala mabuku akale ndi akuluampingo okalamba amene makolo awo anaponda nawo dothi la njerwazo. Za m'mudzi funsani a gulupu ndi nduna zawo, mutatenga kaye kankhuku ngati funso lanu likuyandikira ku manda. Za zipilala za malire ndi za m'mapiri ndi za a nthambi yoyeza malo. Mapanga a zithunzi, ziliza ndi nyumba zakale zotetezedwa zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kuzikumba, kuzigumula kapena kulembapo dzina lanu ndi makala.